Tinalakwa kulemba kuti mayi sanagwirepo ntchito

Akonzi,

Ndiloleni nditulutse chimene chandikhala pakhosi. Masabata atatu apitawa tinaika m'manda mayi anga kumudzi kwathu, chakumtunda kwa Chitakale kuno ku Mulanje. Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, wowerenga anati: "Sukulu sanapite nayo patali, ntchito sanagwirepo, anali mayi wapakhomo." Anatchula ana ndi zidzukulu, n'kupinda pepala. Sindikumudandaula iyeyo ayi. Pepalalo tinalemba ndife ana awo, usiku pasiwa, mitu itaima. Koma mawu aja akundisowetsa tulo.

Chaka chawo chobadwa sankachidziwa. Ankangoti njala ya 1949 inawapeza atangotha msinkhu, choncho timati atisiya ali ndi zaka 90 kapena kuposerapo. Bambo ankathyola tiyi kuesiteti, ndipo malipiro awo ankatha mwezi usanafike pakati. Chotsalacho chinali cha mayi: kamunda ka chimanga ndi nandolo, chinangwa chosenda n'kuyanika kuti chikhale makaka, ndiponso kalongonda. Amene anaphikapo kalongonda akudziwa kuti samufulumizitsa. Amawira tsiku lonse, madzi ake n'kumataya, apo ayi banja lonse liledzera. Nkhuni zake ndani ankatola? Ife tonse asanu ndi mmodzi tinaphunzira pulayimale isanakhale yaulere mu 1994, ndipo fizi inkachokera m'lichero la nthochi ndi zitumbuwa limene ankasenza kupita nalo kumsika.

Za kutchalitchi ndiye musachite kunena. Anayamba kumva Misa idakali ya Chilatini, wansembe atafulatira anthu, ndipo mpaka ukalamba ankaimba nyimbo zina za nthawi imeneyo, ngakhale kuwerenga kunkawavuta. Kwathu nsima yamadzulo inkadikira kolona. Tinkagwada pamphasa fungo la ndiwo likutipeza, wina akayamba kuwodzera ankamupatsa kuti atsogolere ndiye. Kunena zoona, tili ana tinkadana nazo, makamaka mu Okutobala, mwezi wa kolona, pamene sankalola kudumpha ngakhale tsiku limodzi.

Anali a Lejio ya Maria, gulu la mutchalitchi lopemphera ndi kuyendera odwala, komanso mumphakati mwathu ndiwo ankadziwa amene wagonekedwa, amene akufunika kumuitanira bambo mfumu kuti adzamudzoze, ndi amene wasiya kulandira Ukaristia chifukwa cha nkhani za ukwati. Ankapita ndi phala m'kapoto, osati mawu okha. Nsalu za paguwa anachapa kwa zaka zosawerengeka, kusita ndi simbi yamakala. Pamaliro paja anthu amene anaimirira atafunsidwa kuti ndani anali ana awo a ubatizo anadzaza mbali yonse ya msasa, ena a imvi kale.

Mu Meyi 1989 anagulitsa nkhuku ziwiri kuti akaone Papa Yohane Paulo Wachiwiri ku Blantyre. Anabwerako akuti anangoona kachinthu koyera patali, koma zinawakwanira. Ndipo itawerengedwa pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi yodzudzula boma ija imene Ambuye James Chiona ndi anzawo anasaina, boma litalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, achimwene anga anafuna kuitentha. Mayi anawalanda n'kuikwirira mumtanga wa ufa. Za ndale sankazitsata. Anangoti mawu amene awerengedwa paguwa sasonkhezera moto.

Sindikuti anali mngelo. Pakamwa pawo panali pakuthwa, azipongozi awo angachitire umboni, ndipo mlongo wanga atalowa mpingo wina anatha chaka osaponda pakhomo pake.

Namondwe wa Freddy atagwetsa khitchini yawo mu Malichi 2023, maso anali atachita kale khungu. Tinawanyamula usiku mvula ili pamsana, iwo akungofunsa ngati tatenga kolona ndi kawailesi kawo komvera Radio Maria.

Akonzi, m'masamba mwanu timawerenga mbiri za nduna, mabwana a makampani ndi maprofesa akamwalira. Pempho langa n'lakuti mupatule kadanga, ngakhale kamodzi pamwezi, koti tizilembamo za amayi ngati awa. Ine ndayamba kale kulembanso pepala lija kuti tidzawerenge pa Misa yowakumbukira. Ndafika tsamba lachinayi, ndipo sindinafikebe pa chaka chimene bambo anamwalira.

Mwana wawo wachinayi,
Mulanje