Lipoti la msonkhano wa matenda a chiwindi umene munandituma

A Wapampando, amayi ndi abambo a gulu lathu la ku Chibavi,

Zikomo pondituma ku msonkhano wa azaumoyo umene unachitikira m'tauni muno. Nkhani zinali zambiri, koma yotikhudza ife ndi ya hepatitis C, kachilombo kolowera m'magazi kudzera pa jakisoni wobayira anthu angapo, lezala lotemera mphini kapena magazi osayezedwa.

Kamadya chiwindi mwakachetechete. Adokotala anati mwa anthu 100 otenga kachilomboka, pafupifupi 30 thupi limakachotsa lokha, enawo kamakhazikika. Kakakhazikika, anthu 15 mpaka 30 mwa 100 alionse chiwindi chawo chimauma ndi zipsera m'zaka 20. Anationetsa zithunzi ziwiri: china chosalala ngati chiwindi cha mbuzi yongophedwa kumene, chinzake chokwinyika, chili timibulu tokhatokha.

Ndinafunsa chimene chimafulumizitsa kuwonongekaku. Anayambira pa HIV, ndipo apa ndinatchera khutu chifukwa amanena ife amene tili ndi HIV. Tizilombo tiwiriti tikakumana, chiwindi chimatha msanga, makamaka munthu akamadumphitsa ma ARV. Hepatitis B nayonso imawonjezera, koma iyo katemera wake alipo. Wa C palibe.

Kenaka mowa. Abambo, mundikhululukire, apa ndilankhula mosapsatira. Chiwindi chodwala kale chilibe mlingo wa mowa umene chingapirire, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo. Timauzana za kumwa mankhwala pa nthawi yake, koma za mowa timachita manyazi kudzudzulana, pamene ichi ndiye chili m'manja mwathu. Podzaona maso achikasu, mimba itatupa madzi, matenda amakhala atapita patali.

Anatchulanso shuga, kunenepa kwambiri, fodya, ndi likodzo la m'matumbo, lomwe amene timapitapita kunyanja ku Nkhata Bay tiyenera kusamala nalo. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimawonjezera chiopsezo cha khansa ya chiwindi. Ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, tiyeni tizisankha mtedza tisanasinje.

Chosangalatsa n'chakuti hepatitis C imachizika. Mapiritsi a masiku ano, omwa pafupifupi milungu 12, amachiza anthu oposa 95 mwa 100. Koma amene chiwindi chinauma kale ayenera kumapimidwabe ngakhale atachira.

Ndikupempha kuti tikakumana Loweruka tisankhe anthu awiri okafunsa ku kiliniki yathu kumene tingayezetse hepatitis B ndi C, komanso tipatule nthawi yokambirana za mowa, abambo paokha, amayi paokha.

Ine nthumwi yanu.