Kalata kwa mwana wanga wopita kukaphunzira za m'mapanga

Mwanangu,

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula mawu. Umangoti "Amayi ndamva" ndisanafike n'komwe pamene ndikulinga. Iyi uiwerenge lero, ndipo udzaiwerengenso uli m'basi. Ulendo wa ku Johannesburg ndi wautali, sudzakhala ndi kothawira.

Ife kuno tili bwino, kupatula bondo lija. Bambo ako akuti ndisakuvutitse, wakula, koma iwowo ndi amene sakugona usiku. Ukudziwa mmene alili.

Azakhali ako anakuona kawiri pa Dedza boma uli m'galimoto ya mnzako uja wogulitsa ziboliboli. Kawiri konseko munali ndi katoni kumbuyo. Sindinafune kukhulupirira mpaka Loweruka pamene ndinalowa m'nyumba ya malemu agogo ako n'kupeza pamene pamakhala mbiya yawo pali bwalo la fumbi lokha. Mlongo wako akuti unaitenga kukaijambula. Kujambula kwake kotani kotenga milungu itatu?

Kope lako lija unaliiwala pansi pa matiresi ndaliwerenga lonse. Usakwiye, zaka 31 ndinali kuwerenga makope a ana a eni, lako lingandikanike bwanji? Zilembo zako zikadali zokwera phiri ngati kale. Palaeolithic, Mesolithic, Neolithic, lilime langa linachita kupindika, koma ndamva kuti ndi nyengo zitatu za miyala mmene amaziwerengera ku Ulaya: yakalekale ya alenje, yapakati, ndi yomaliza imene anthu anayamba kulima ndi kuweta. Pamene ndinakondwa ndi pamene unalemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti kuno kwathu sitiwerenga choncho, timati nyengo ya miyala yoyamba, yapakati ndi yotsiriza, kenako n'kulumphira ku nyengo ya chitsulo, chifukwa ya bronze ija ya ku Egypt ndi Mesopotamia kuno sinadutseko. Ndinati mwana wanga akuganiza yekha, sakungomeza. Ndinawaonetsa bambo ako, anangoti "hmm", koma kopelo analisunga m'thumba la jekete tsiku lonse.

Ndiye tamvera. Mnzako uja mbiya saisowa, mbiya zili mbwee m'midzi yonseyi. Chimene akufuna kwa iwe ndi mawu amenewa. Iye akanyamula phale n'kunena kuti ndi lakale, mzungu aseka. Iwe ukaligwira n'kunena kuti ili ndi la Nkope, la alimi oyamba osula chitsulo, ili ndi la Kapeni, ili la Mawudzu la nthawi ya Amaravi, mtengo wakwera pompo. Akufuna pakamwa pako ndi siginecha yako. Tsiku limene katoni idzatsegulidwe pachipata cha Dedza kapena Mwanza, dzina lidzapezeke papepala ndi la yani? Iye adzakhala ali pa mowa kwinakwake, foni atazimitsa. Lamulo loletsa kutulutsa zinthu zakale m'dziko popanda chilolezo cha boma ukulidziwa kuposa ine.

Ndikukumbuka uli Sitandade 6 pamene unalemba dzina lako ndi khala pathanthwe la ku Chencherere, pambali penipeni pa mizere yofiira ija. Ndinakukwapula ndi kamtengo ka pichesi mpaka ine ndemwe ndinalira. Madzulo ake unabwera ndi maso otupa kudzandifunsa kuti, nanga amene analemba zofiirazo anawakwapula ndani? Ndinasowa chokuyankha. Agogo ako ndi amene anakukhazika pamphasa n'kukufotokozera za Akafula, anthu afupiafupi osaka nyama amene makolo athu anawapeza m'mapirimu, aja akakumana nawe ankafunsa kuti mwandionera pati, ndipo wochenjera ankayankha kuti ndakuonerani kutali uko. Unaseka mpaka kugwa chagada. Ndikuganiza kuti sukulu ukupitayi inayambira pamphasa imene ija, ndipo amene anakuyambitsa ndi mwini mbiya wanyamulayo.

Pa zofiira ndi zoyera kope lako lanena zoona. Zofiira ndi za alenje, mizere, timadontho ndi zozungulira, ndipo ndizo zakale. Zoyera zopaka ndi chala ndi dongo zinabwera pambuyo, ndi zathu Achewa, n'chifukwa chake pena umapeza choyera chakwera pamwamba pa chofiira. Za ku Namzeze zija za zilombo afunse amalume ako, ine sizindikhudza. Koma zija zotambasula miyendo ngati buluzi woyanikidwa, zimene walemba mafunso atatu pambali pake, usayembekeze kuti ndikuuza. Ndi za ife amayi ndi anamkungwi athu. Ukhoza kubwera ndi madigiri asanu, ukadali mwana wamwamuna. Pamene a UNESCO anaika Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndi malo ake 127, ife tinavina, koma sitinanene kuti tsopano zonse zili pa msika.

Mnzako uja ndamuona bwino. Amapereka moni ndi manja awiri, amagwada n'kugwada komwe, anandibweretsera shuga ndi chitenje. Chikomekome cha mkuyu. Chitenjecho sindinachivale, chili m'sutikesi, udzamubwezere. Munthu amene amafunsa nkhalamba kuti kumanda akale ndi kuti, ng'anjo zakale zili dera liti, koma osafunsa kuti mwadzuka bwanji ndi bondo, ameneyo ine ndamuwerenga kale.

Iwe wemwe unalemba kuti chinthu chikachotsedwa pamene chinagona chimasanduka bubu. Ndabwereza kuwerenga tsamba limenelo katatu. Akuti zaka zimadziwika ndi dothi losanjikizana, chapansi ndicho chakale, ndiponso ndi makala kapena mafupa opezeka pambali pake, chifukwa makina aja a radiocarbon amayeza zokhazo zimene zinali ndi moyo, mpaka zaka pafupifupi 50,000, mwala sauyeza. Ndiye munthu akafukula mkanda usiku ndi khasu n'kuuponya m'katoni, watayira pomwepo zonse zimene mkandawo ukananena. Walemba wekha zimenezi, ndi dzanja lako. Kapena unkangolembera mayeso?

Za mbalame zosema pamwala za ku Great Zimbabwe unandiuza tikusenda chimanga chaka chatha. Mu 1889 mlenje wina, Willi Posselt, anachotsa imodzi pamalo pake atapereka mabulangete ndi tizinthu tina, n'kukaigulitsa kwa Cecil Rhodes. Zina zinabwerera kwawo mu 1981, koma imeneyo inatsalira m'nyumba ya Groote Schuur ku Cape Town. Unakwiya pofotokoza, chitsononkho unachiponya kutali nkhuku n'kubalalika. Ine ndinkaganiza za amene analandira mabulangetewo. Anafunda miyezi ingati asanang'ambike?

Ndalama ndikudziwa kuti zikuchepa. Ya sukulu akulipirira, koma ya chipinda ndi chakudya ndi yako, ndipo randi siseka ndi kwacha. Usachite manyazi kutiuza. Tagulitsa matumba asanu ndi limodzi a mbatata ya kachewere, ndalama yake ndaisokera m'thumba lam'kati la jekete yakuda, usaipereke kochapa usanaichotse. Ikatha, tsuka mbale m'malesitilanti, phunzitsa ana a eni masamu, palibe amene anafa ndi zimenezo. Bambo ako anaphunzira ndi ndalama yocheka matabwa m'nkhalango ya Chongoni momwemu. Koma ya mnzako uja ayi, ngakhale atati ndi ngongole chabe, ngakhale atati ndi ya basi. Makamaka akati ndi ya basi.

Pali nkhani ina m'kope lako imene yandikhala pamtima, ya bambo wa ku Spain uja, Marcelino Sanz de Sautuola. Mu 1879 kamwana kake kakakazi ndi kamene kanakweza maso m'phanga la Altamira n'kuona njati zojambulidwa kudenga. Iye atanena kuti ndi za nyengo yakale ya miyala, akatswiri anamunena kuti ndi zachinyengo, zapakidwa dzulodzulo. Anamwalira mu 1888 akumuloza chala, ndipo kuvomereza kuti ankanena zoona kunabwera mu 1902, iye ali m'manda. Ameneyo anali wosalakwa, komabe dzina linamuthera choncho. Nanga iwe, mwana wa ku Dedza, ukadzangopezeka kamodzi kokha utasainira chinthu chakuba kapena chokwiriridwa dala m'dothi kuti chioneke chakale, adzakukhulupiriranso ndani? Ntchito yanuyi anthu ake ndi ochepa, onse amadziwana.

Kumeneko kukazizira mu June kuposa kuno, usadzione ngati wa ku Dedza sumva chisanu. Uzidya. Unaonda pa maliro paja, aliyense anandifunsa. Ukafika upeze mpingo, ndipo mowa wa Lachisanu umene ndikumva kuti ophunzira amaukonda uziuonera patali.

Nambala ya mnzako uja uifufute usanawoloke malire. Akakupeza komweko, pakuti ndamva kuti amabwerako mwezi ndi mwezi, umuuze kuti amayi anga anakana. Undinamizire ine, ndilibe nazo ntchito, anene kuti ndine nkhalamba yovuta.

Mbiya ija ibwere basi yako isananyamuke Lachinayi. Ngati ili kale m'manja mwake, undiuze zoona lero lomwe, amalume ako apita okha kukaitenga. Ili ndi mng'alu pakhosi pamene agogo ako anamata ndi phula, ndiye asayese kutibweretsera ina. Mtedza ndi ufa zili m'chikwama chobiriwira, kope lako ndaliika pamwamba.

Ndine mayi ako.