Dandaulo pa chithandizo cha mphaka wanga wodwala chithokomiro

Area 25
Lilongwe

Kwa Akuluakulu a Chipatala cha Ziweto,

Zikomo bwana,

Ndalemba kalatayi pofuna kudandaula za malangizo amene ndinalandira pachipatala panu m'mwezi wa Marichi, pamene ndinabwera ndi mphaka wanga Kambuku, yemwe ali ndi zaka 12. Mphakayu ankaonda tsiku ndi tsiku ngakhale ankadya ngati sanadyepo, ankamwa madzi kwambiri ndiponso ankalira usiku wonse. Mutayeza magazi munapeza kuti T4 yake (timadzi timene chithokomiro chimatulutsa m'magazi) inali yokwera, kutanthauza kuti chithokomiro chake chikugwira ntchito mopitirira muyeso. Pamenepo ndilibe chodandaula, chifukwa matendawo munawapeza msanga.

Vuto linayambira pa kusankha chithandizo. Dokotala anatchula mapiritsi a methimazole, opaleshoni yochotsa chithokomiro, jakisoni wa radioactive iodine (ayodini wapadera wowononga mbali yodwala ya chithokomiro) amene anati ndi wokalandirira kunja kwa dziko, komanso chakudya chapadera chokhala ndi ayodini wochepa, popeza chithokomiro chimafuna ayodini kuti chipange T4. Koma anathera nthawi yonse akuyamikira chakudyacho, akunena kuti ndi njira yosavuta, ndipo ine, poopa kulimbana ndi mphaka pomumwetsa mapiritsi kawiri patsiku, ndinagula matumba anayi pamtengo umene unandisiya m'thumba muli gwa.

Palibe amene anandifunsa kuti mphakayu amakhala bwanji pakhomo. Chakudya chotere chimagwira ntchito pokhapokha mphaka akamadya icho chokha, osalawa china chilichonse, chifukwa kanthu kena kakang'ono kokha kamabwezera ayodini m'thupi. Kambuku si mphaka wotsekeredwa m'nyumba. Amadumpha mpanda, amagwira makoswe ndi abuluzi, ndipo ana a anansi anga amamuponyera mitu ya usipa akamadya nsima pakhonde. Ndithu, ndi mphaka angati kuno ku Lilongwe amene amakhala mosiyana ndi mmenemu? Funso limodzi lokha likanakwanira kuonetsa kuti njirayi sinali yoyenera kwa iye.

Nditabweranso patapita miyezi itatu, mphakayu anali atatsika kuchoka pa makilogalamu 3.4 kufika pa 2.9, T4 inali ikadali pamwamba, ndipo mtima wake unkagunda mothamanga. Dokotala wina amene ndinamupeza tsikulo ndiye anandifotokozera zonsezi, n'kumuyambitsa methimazole wa 2.5 mg kawiri patsiku. Iyeyo ndiyenso anandiuza kuti magazi ayenera kuyezedwanso pakatha milungu iwiri kapena itatu, komanso kuti impso ziyenera kuonedwa, popeza matenda a chithokomiro amatha kubisa vuto la impso limene limaonekera chithandizo chikayamba kugwira. Za impsozi sindinamvepo kalikonse paulendo woyamba uja, ndipo zimandiwawa kuti miyezi itatu inapita pachabe pamene mtima wa chiweto chokalamba unali pa chiopsezo.

Choncho ndikupempha kuti mundibwezere ndalama za matumba awiri amene sindinatsegule, omwe ndabwera nawo kawiri koma pakauntala akuwakana ponena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndikupemphanso kuti mundipatse zotsatira zonse za magazi zolembedwa papepala, ndi kuti kuyeza impso kotsatira kukhale kwaulere. Malisiti onse ndawasunga. Ndikapanda kulandira yankho pofika masiku 14, ndidzakatula nkhaniyi ku bungwe loteteza anthu ogula katundu la Competition and Fair Trading Commission.

Ine wanu wodandaula,
Mwini wake wa Kambuku