Kwa mwana wanga injiniya, usanapite kukalandira ulemu ku Maputo

Ulónguè, Angónia

Mwana wanga,

Uthenga wako unafika Lachiwiri. Amayi ako anauwerenga katatu pa foni, kenako anathamanga nawo kwa azakhali ako, ndipo pomwe dzuwa limalowa mudzi wonse unali utamva kuti anzako amene munaphunzira nawo uinjiniya ku Maputo akuitana kuti akakupatse ulemu chifukwa cha ntchito zimene wagwira. Ena kuno akuti ukukalandira galimoto. Ndawauza kuti ndi chikalata cha m'felemu ndi kuwomberedwa m'manja basi, koma sakufuna kumva. Takondwera kwambiri, pamenepo usakayike. Watichotsa manyazi.

Koma chimene ndakhalira pansi n'china. Mlamu wako wanditsina khutu kuti mnzako uja wa kampani ya zomangamanga wayambanso kupondaponda kunyumba kwako. Akuti akufuna dzina lako lilowe pa mapepala a alvará yake, chiphaso cha boma chololeza kampani kugwira ntchito zomanga, iwe uzisainira ntchito zake, iye azikupatsa kenakake mwezi ukatha. Akuti simunagwirizane, koma akutinso sunakane. Usamukwiyire mlamu wako, wachita za chibale. Ine chiyambire Lachinayi tulo sindikutiona.

Zaka zonsezi mnzakoyo anali kuti? Pamene unkauma ndi dzuwa pa misewu ya ku Moatize sankakudziwa. Lero wamva kuti dzina lako likatchulidwa pagulu la mainjiniya, wakumbukira nambala yako ya foni. Nzeru zako alibe nazo ntchito. Chimene akusaka ndi siginecha yako, chidindo chako ndi nambala yako ya ku Ordem dos Engenheiros, bungwe lolembetsa mainjiniya, chifukwa popanda injiniya pa mapepala alvará ya ntchito zikuluzikulu sangaipeze. Akaipeza, malo a ntchitowo sudzawapondanso. Adzidzakubweretsera mapepala madzulo, atapinda kale pamene uyenera kusaina.

Iwe waphunzira kuposa ine, koma lola ndikukumbutse zimene zimachitika pamalo pamene injiniya amangodziwika ndi dzina.

Zimayambira pa zitsulo. Pulani ikunena chitsulo cha mamilimita 12, iwo amagula cha 10, chifukwa ndani adzaone konkire ikathiridwa? Pa maso kusiyana kwake n'kochepa, koma cha 12 chili ndi masikweya milimita 113 pamene cha 10 chili ndi 79. Mphamvu yapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pa bimu iliyonse (mtanda wa konkire wogona pa zipilala), pa chipilala chilichonse. Ngakhale chitsulo cholembedwa 12 usachikhulupirire usanachiyeze. Chautali wa mamita 12 chiyenera kulemera makilo 10.7 kapena pafupi pamenepo, cha 10 chimalemera 7.4. Sikelo ya pa msika wa kachewere ingakuuze zoona. Mphete zomanga zitsulo zija, zimene amisiri amati ma estribo, pulani ikati zitalikirane masentimita 15, iwo amazitambasula mpaka 25 kapena 30, ndipo amatero pafupi ndi chipilala pomwe, pamene bimu imafuna mphete zothithikana. Polumikiza zitsulo ziwiri, chimodzi chiyenera kupitirira pa chinzake ka 40 kapena ka 50 kunenepa kwa chitsulocho, ndiye kuti theka la mita kapena kuposerapo pa chitsulo cha 12. Iwo amangogundanitsa kotalika ngati chikhatho n'kumanga waya. Ndiye pali timiyala ta simenti tokweza zitsulo kuti zisakhudze thabwa. Akapanda kuika, chitsulo chimatsala pakhungu penipeni, m'malo mokwiririka masentimita awiri ndi theka kapena atatu, ndi asanu ngati ndi m'nthaka. Chinyontho chikalowa, dzimbiri limatupa, konkire n'kuyamba kugamphuka. Zimenezi sizioneka chaka choyamba. Zimadzaoneka mnzakoyo atadya kale ndalama, dzina la kampani atasintha, pa pepala patatsala dzina lako lokha.

Ndakumbuka uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, unamanga kamlatho ka mapesi pa ngalande ya kuseri kwa khola. Sunalole mlongo wako kuti ayendetsepo galimoto yake ya mawaya usanaikepo njerwa kaye. Njerwa yoyamba kanapirira, yachiwiri kanathyoka, unalira mpaka kukana nsima. M'mawa mwake unamanganso ndi mapesi awiriawiri. Mwana uja sakanasainira chinthu chimene sanachione. Kodi wapita kuti?

Za madzi ndiye usanene. Thumba la simenti la makilo 50 limafuna madzi malita 25 kapena kucheperapo, kuwerengera ndi chinyontho chimene chili kale mumchenga. Anyamata a wilibala amakonda konkire ya phala chifukwa siivuta kuthira, ndiye injiniya akapanda kukhalapo amangowonjezera ndowa. Madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo, konkire imafooka. Mankhwala ake ukuwadziwa: kuyeza kufewa kwa konkire ndi kachitini kaja kotalika masentimita 30, kudzaza katatu, ulendo uliwonse kusinja ka 25 ndi kandodo kachitsulo, kuzula mowongoka, kuyeza mmene yakhalira pansi. Ntchito ya mphindi zisanu. Pothira paliponse patengedwe makyubu, timidadada ta konkire toyesera mphamvu, a masentimita 15, ena akaswedwe ku labu patatha masiku 7, ena patatha 28. A masiku 7 akalephera kufika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yofunikayo, imitsa ntchito, usadikire kuti amange nsanja ina pamwamba pake. Ndipo makyubuwo atengedwe iwe ukuona, kuchokera mu konkire yomwe ikulowa m'mathabwa. Kontilakita wochenjera amasakaniza kankhate kapadera konona simenti, kongopangira makyubu. Pepala la ku labu limabwera lokongola, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuno ku mapiri kumazizira, timaiwala, koma kumunsi uko ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Konkire yothiridwa masana imang'ambika isanagwire n'komwe. Athire m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, miyala aithirire madzi kuti izizire, akamaliza afunditse masaka onyowa, ndipo isaume kwa masiku 7 osadumphitsa. Mnzakoyo adzalipira galimoto ya madzi sabata yathunthu iwe kulibe? Mitengo yochirikiza pansi pa bimu iyenera kukhala masiku 21. Iye adzaichotsa pa tsiku lachisanu ndi chiwiri chifukwa akuifuna pa ntchito ina. Mchenga nawo, wa mu Zambezi kapena mu Revúbuè ndi wabwino ukasankhidwa, koma wotsika mtengo ndi uja wa m'mbali wosakanikira dothi. Thira m'botolo, onjezera madzi, khutchumula, usiye mpaka mawa. Matope okhala pamwamba pa mchengawo akanenepa, ubweze lole yonse.

Zonsezi palibe chimene chingachitike pa foni. Zimafuna mapazi ako pamalopo.

Sindikukuda, mwana wanga. Ndikudziwa kuti nyumba yako yaima pa lintala, ana akufuna fizi, ndipo ife kuno timakulemetsa ndi feteleza chaka ndi chaka. Ngati vuto ndi limenelo, chaka chino usatumize. Kachewere wa ku dimba watuluka bwino, tidzagula tokha matumba awiri, otsalawo tidzathira manyowa. Ndikunena zoona, usatumize.

Ukukumbuka ulendo wako woyamba ku Tete? Chapa itakwera pa mlatho wa Samora Machel unatulutsa mutu pawindo n'kumawerenga zingwe, amayi ako atakugwira malaya. Mlatho umene uja anaulinganiza ndi Edgar Cardoso, unatha mu 1973, ndipo unasenza malole a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zaka zonsezo kufikira wa Kassuende utatsegulidwa mu 2014. Cardoso anamwalira kalekale, koma mainjiniya akamatchula mlathowo amatchulanso dzina lake. Ku Songo khoma la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, lagwira Zambezi kuyambira 1974, makina asanu a mamegawati 415 lililonse akutumiza magetsi mpaka ku siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg, mtunda wopitirira makilomita 1,400. Kuyambira Novembala 2007 damulo lili m'manja mwa dziko lathu, ndipo akuliyendetsa ndi ana a anthu ngati iwe. Za damu latsopano la Mphanda Nkuwa zikadzapsa, mamegawati 1,500 aja, adzafuna mainjiniya a kuno, ndipo adzafufuza pamene aliyense anasainapo. Ukufuna adzapeze dzina lako pa sukulu ya midadada iwiri yong'ambika khoma?

Ndiye unaona wekha mu Januwale 2022, namondwe Ana atadula mlatho wa pa Revúbuè, anthu a ku Moatize atasowa powolokera. Sindikuloza munthu chala, madzi aja anali oopsa. Ndikungoti mtsinje suwerenga zikalata. Umakumba pansi pa chipilala ndi kuseri kwa khoma la m'mphepete, ndipo maziko akakhala osazama kapena miyala yotchinjiriza ikakhala yochepa, umatenga. Timilatho ta m'midzi timene mnzakoyo amalimbirana ndi ena kuti amange timafa imfa yomweyo. Kuno ku Angónia onjezerapo dothi lakuda la m'madambo, lotupa dzinja n'kung'ambika chilimwe. Maziko okumbidwa theka la kuya kwake chifukwa anyamata atopa, chaka chachitatu khoma lili ndi mng'alu wolowa dzanja.

Mukane. Ndilo langizo langa, ndipo ndikulibwereza: mukane, usanakwere ndege. Ukamuyankha utabwerako adzakhala atajambulitsa nawe kale chithunzi utanyamula chikalata chija, ndipo chithunzicho chidzayenda m'maofesi onse a boma la chigawo iwe osadziwa.

Ukakakamira, poti ndiwe wamkulu ndipo makani unatengera kuchimuna, pasakhale za pakamwa. Pakhale kontilakiti yolembedwa yonena ntchito iti ndi iti, osati zonse za kampani. Pasathiridwe konkire iwe usanaone zitsulo ndi maso ako ndi kulemba mu livro de obra, buku la pamalo a ntchito, tsiku lomwelo. Mphamvu yoimitsa ntchito ilembedwe kuti ndi yako. Chidindo chizigona m'nyumba mwako, osati m'galimoto mwake. Pepala losalembedwa kanthu usasaine, la deti yam'mbuyo usasaine, auto de medição, pepala loyeza pamene ntchito yafika kuti kontilakita alipidwe, yonena kuti ntchito yafika pa 80 peresenti pamene maso ako akuona theka usasaine, ngakhale atalira kuti antchito sanalandire. Umuuze zimenezi m'modzim'modzi, uone ngati adzabwerenso Loweruka. Ine ndikuti sabwera.

Za ku mwamboko. Akakupempha mndandanda wa ntchito zako kuti akawerenge, lemba dzina la ntchito, chaka, ndi chimene iweyo unachita: apa ndinalinganiza, apa ndinali fiscal, woyang'anira ntchito, apa ndinali wothandizira chabe. Pamene unangopita kukayendera usalembe kuti unamanga. M'holomo mudzakhala anthu amene analipo, ndiponso aphunzitsi ako, sadzakutsutsa pagulu koma adzasunga mumtima. Akakupatsa maikolofoni usapitirire mphindi zitatu. Thokoza aphunzitsi, kenako utchule amisiri opinda zitsulo, akalipentala a mathabwa ndi anyamata a wilibala, poti iwo sadzaitanidwa ku mwambo uliwonse. Ife usatitchule kwambiri, amayi ako angalire pa vidiyo. Pa phwando la pambuyo pake anthu adzakupatsa timakadi tawo ndi mabotolo. Timakadito landira, koma usalonjeze kanthu botolo lili m'manja. Mnzako uja si yekha, kumeneko kudzakhala ena ovala bwino kuposa iye.

Mlongo wako akuti suti yako yotuwa ija yathina pamimba, usaivale. Amayi ako akonza thumba la kachewere ndi nyemba, zidzabwera ndi chapa ya Lachisanu, ukalandire wekha, usatume mwana. Akutinso chikalatacho ubwere nacho kuno pa Khirisimasi achigwire ndi manja, chithunzi sichikwanira. Mpongozi wathu ndi adzukulu uwapatse moni.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndidzakhala pafupi ndi foni. Undiimbire, undiuze chimene wamuyankha munthu uja.

Ndine bambo ako.