Lewandowski si mkango, ndipo mkazi wake dzina lake ndi Lewandowska

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule za kabokosi kaja munaika pa tsamba la zamasewero Loweruka lapitali, kofotokoza dzina la Robert Lewandowski, katswiri wa mpira wa ku Poland. Mizere yake inali yowerengeka, koma mlembi wanu anakwanitsa kulongedzamo mabodza atatu. Akuti dzinali limatanthauza mwana wa mkango. Akuti ndi dzina losowa, la anthu a magazi achifumu. Ndipo pansi pa chithunzi munalemba kuti mayi amene waima pambali pakeyo ndi Anna Lewandowski. Luso lotere lonamiza anthu m'malo ochepa chonchi si la aliyense, mum'yamikire mnyamatayo.

Kumene kwachokera mkangowo ndikukudziwa. M'Chipolishi mawu oti lew amatanthauzadi mkango. Mlembi wanu anaona malembo atatu oyambirira, mtima n'kudumpha, otsalawo n'kuwataya kudzala. Ngati mayina timawafufuza chomwechi, sabata ino mutilemberenso kuti Mangochi ndi dzina lochokera ku mango, ndipo ku Salima anthu ake salima. Nanga malembo apakati aja, a-n-d, anawaika kuti? Tsinde la dzinali ndi lewanda, mawu akale a Chipolishi otchulira chomera chimene lero amati lawenda, lavenda uja wa timaluwa ta pepo amene fungo lake amathira mu sopo ndi m'mafuta odzola. Munthu amene anamwetsa zigoli zisanu m'mphindi 9 pamene timu yake ya nthawi imeneyo, Bayern Munich, inkasewera ndi Wolfsburg mu Sepitembala 2015, amene anachinya zigoli 41 mu ligi ya Germany ya 2020/21 n'kuposa 40 za Gerd Müller, amayendera dzina la duwa lonunkhira. Pepani ngati zakuwonongerani mutu wankhani. Ngakhale dzina lomusereula lija, Lewy, ndi chidule chabe cha dzina lake, ndipo mawu omwewo m'chilankhulo chawo amatanthauza kumanzere. Mkango mulibemo.

Za ufumuzo nazo zili ndi kachoonadi kakang'ono komwe mwakakoka mpaka kuduka. Mchira wa -ski kapena -owski poyamba unkagwira ntchito ya "wa ku" wathu uja. Mwini minda wa ku Tarnów ankalembedwa Jan z Tarnowa, ndiye kuti Jan wa ku Tarnów, kenako anthu anayamba kungoti Jan Tarnowski. M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 ambiri okhala ndi mayina otere analidi a szlachta, gulu la eni minda amene anali ndi mawu pa kayendetsedwe ka dziko. Koma m'zaka zotsatira anthu a m'matauni ndi alimi wamba anayamba kudziphatikira mchira womwewo chifukwa unkamveka wapamwamba, ndipo unafala mpaka unasiya kusonyeza chilichonse cha ulemerero. Taonani Kowalski. Tsinde lake ndi kowal, wosula zitsulo, kapena Kowale, mudzi wa osula. Ndi mfumu iti inkasula makasu?

Tsopano kusowa kwake. Boma la Poland lili ndi kaundula wa nzika wotchedwa PESEL amene anayamba mu 1979, ndipo mndandanda wa mayina a makolo ochokera m'kaundulayu limautulutsa poyera, aliyense atha kuuona pa intaneti. Katswiri wa mayina wa ku Kraków, Kazimierz Rymut, anagwiritsa ntchito kaundula yemweyu n'kutulutsa mabuku 10 pakati pa 1992 ndi 1994, owerenga dzina lililonse ndi kuchuluka kwa eni ake. Patsogolo pali Nowak, anthu pafupifupi 200,000, dzina lochokera ku nowy, chatsopano, lomwe ankapatsa munthu wobwera kumene pamudzi. Kenako Kowalski, pafupifupi 140,000. Akubwera Wiśniewski, wa ku mitengo ya zipatso zotchedwa wiśnia, Wójcik wochokera ku wójt yemwe ndi ngati nyakwawa, Kowalczyk mwana kapena wophunzira wa wosula, Kamiński wa ku kamień, mwala. Wachisanu ndi chiwiri ndi Lewandowski wanu wosowayo, anthu opitirira 90,000 m'dziko la anthu pafupifupi 38 miliyoni. Gawani nokha, mupeza munthu mmodzi pa 400 aliwonse kapena kupitirirako pang'ono. M'chigawo cha Kujawsko-Pomorskie, kumene kuli mizinda ya Bydgoszcz ndi Toruń, ndi dzina lofala kuposa onse. Kulitcha losowa kuli ngati kutsika basi pa Dedza n'kulengeza kuti mwatulukira munthu wa dzina lachilendo lotchedwa Phiri.

Pali msampha umodzi powerenga mndandandawu. Mayina a amuna ndi a akazi amawalemba padera, choncho mukangoyang'ana Lewandowski mupeza theka lokha la eni dzina. Theka linalo lili pa Lewandowska. Ndipo apa ndi pamene mwandipsetsa mtima kwenikweni.

Mayina othera ndi -ski ndi afotokozi, monga tinaphunzirira m'kalasi ya Chichewa kuti mfotokozi amatsatira dzina lomwe akulifotokoza: munthu wamkulu, chingwe chachikulu, nyumba yaikulu. M'Chipolishi mfotokozi amatsatiranso ngati wonenedwayo ndi mwamuna kapena mkazi. Mwamuna ndi Lewandowski, mkazi wake, mwana wake wamkazi ndi mlongo wake ndi Lewandowska. Othera ndi -cki amakhala -cka, othera ndi -dzki amakhala -dzka, monga Zawadzki ndi Zawadzka. Mukafuna kutchula banja lonse pamodzi mumati Lewandowscy. Mayi amene mwawalakwirawa asanakwatiwe mu 2013 anali Anna Stachurska, katswiri wa karate woimira dziko lake, ndipo Stachurska naye ndi dzina la mkazi la Stachurski. Ndiye kuti moyo wawo wonse dzina lawo lakhala likuthera ndi a, mpaka linafika pa desiki yanu. Mayi Marie Curie, amene analandira mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911, anabadwa Maria Skłodowska pamene bambo awo anali Władysław Skłodowski. Dziko lonse lakwanitsa kusunga a ameneyu kwa zaka zoposa 100. Inu mwalephera pa chithunzi chimodzi.

Wina anena kuti ndi lembo limodzi lokha, bwanji kukokomeza. Chabwino. Mawa ikani chithunzi cha bambo wolemekezeka, wandevu zake, pansi pake mulembe kuti awa ndi a Naphiri. Malembo awiri okha, si choncho? Muone ngati foni yanu siilira tsiku lonse. Ife amene timadziwa kuti mwana wamkazi wa kwa Banda ndi Nabanda, wa kwa Mbewe ndi Nambewe, kuti kumpoto mwana wamkazi wa kwa Gondwe ndi NyaGondwe, ndife anthu omaliza pa dziko lapansi amene tingati sitikumvetsa kuti mfunda umasintha kwa munthu wamkazi. Kusiyana kwake n'koti ife timasintha kumutu, anzathuwo amasintha kumchira, ndipo kwa iwo zimalowa mpaka mu pasipoti ndi pa chitupa chobadwira. Munthu wa ku Poland akawerenga Anna Lewandowski amamva chimodzimodzi mmene inu mungamvere mutawerenga kuti mayi uyu ndi mkamwini wabwino. Mlembi analemba, wokonza tsamba anaona, wowerenga zolakwika anadutsa, inu a Mkonzi munavomereza. Anthu anayi, maso asanu ndi atatu, a mmodzi osapezeka.

Musathamangirenso kuphatika -ska paliponse, chifukwa ndikukudziwani. Mayina monga Nowak, Wójcik ndi Świątek sasintha pa zikalata, mwamuna ndi mkazi amalembedwa chimodzimodzi, n'chifukwa chake katswiri wa tenesi uja ndi Iga Świątek basi. Kale ankati Nowakowa kwa mkazi wa Nowak ndi Nowakówna kwa mwana wake wamkazi, koma izi zatsalira m'kalankhulidwe ndi m'zolemba zakale. Komanso mabanja amene anasamukira ku America kapena ku Britain ambiri anaumitsa dzina pa -ski kwa aliyense, monga Emily Ratajkowski, mayi wa ku America wotchuka poonetsa zovala. Ameneyo mukamulemba Ratajkowska mwalakwanso. Lamulo lake n'losavuta, onani mmene mwini dzina amadzilembera. Ndipo mukamakopera nkhani yolembedwa m'Chipolishi, chenjerani ndi michira ina monga Lewandowskiego kapena Lewandowskiej. Amenewo si mayina ena ayi. Chilankhulochi chimasintha mathero a dzina malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, ndiye gol Lewandowskiego ndi chigoli cha Lewandowski. Tisadzaone mwatigulira osewera watsopano wotchedwa Lewandowskiego.

Popeza ndayamba kale, anzanu owulutsa mpira pa wailesi nawo amve. Lembo la w m'Chipolishi limatchulidwa ngati v wa m'mawu oti vuto, ndipo likatsatana ndi s limamveka ngati f. Choncho dzinali ndi Levandofski. W wathu wa m'mawu oti wawa iwo amamulemba ł, l wodulidwa ndi kamzere. Mukachotsa kamzereko mwasintha lembo. Malembo awo alipo 32, ndipo 9 mwa iwo ali ndi tizizindikiro: ą, ć, ę, ł, ń, ó, ś, ź, ż. Lembo la ó ndi u, c ndi ts, sz ndi sh, cz ndi tch, ę ali pafupi ndi en. Goloboyi Wojciech Szczęsny, amene dzina lake limatanthauza wamwayi, ndi Shtchensni, osati phokoso la munthu wotsamwa ndi fupa la usipa lomwe timamva Loweruka lililonse. Chopweteka n'choti pa mbali imodzi Mchewa ali ndi mwayi kuposa Mngelezi. Apolishi amatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga ife timachitira potchula Lilongwe kapena Kasungu. Koma owulutsa athu amasiya lilime lawo lomwe likanawathandiza n'kumatsanzira katchulidwe kolakwika ka azungu ena pa kanema.

Ndipo musati awa ndi anthu akutali amene sitikhudzana nawo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anaponda dziko lino mu Meyi 1989. Dzina lake lobadwa nalo ndi Karol Wojtyła, lotchulidwa Voytiwa, koma mpaka lero manyuzipepala athu amalemba l wopanda kamzere, ana a sukulu n'kumaloweza Wojitila. Kwa anansi athu ku Zambia, Adam Kozłowiecki, wansembe wa chipani cha Jesuit amene anapulumuka ku ndende za chipani cha Nazi za Auschwitz ndi Dachau, anali arkiepiskopi woyamba wa Lusaka kuyambira 1959 mpaka 1969, anakhala kadinala mu 1998, n'kumwalira mu 2007 ali ku Zambia komweko. Munthu wotumikira dera lino zaka zoposa 60, ndipo ndi atolankhani angati angatchule dzina lake molondola kuti Kozwovyetski? Koma ndidabwirenji. Nyuzipepala yomwe inataya kalekale kadenga ka pa ŵ m'dzina la dziko lake lomwe, imene imalemba Ng'oma ngati Ngoma ndi ng'ombe ngati ngombe pamene wolemba waiwala kakoma kam'mwamba, singasamale kamzere ka Mpolishi. Mayina a anthu akumudzi mumawapotoza tsiku ndi tsiku m'nkhani za kukhoti ndi za maliro, eni ake n'kungokhala chete poti alibe kokadandaula. Malamulo a utolankhani amene mumawatchula pa tsiku lokumbukira ufulu wa atolankhani amayamba ndi kulemba zoona, ndipo mukalakwitsa kukonza msanga. Kapena ndimeyo imagwira ntchito pokhapokha wolakwiridwayo ali ndi loya?

Chitani izi basi. Konzani pa tsamba lomwelo, pa malo ooneka, kuti tsinde ndi lewanda, kuti dzinali ndi lachisanu ndi chiwiri pa mayina ofala ku Poland, ndi kuti mayiwo ndi Anna Lewandowska. Matani kapepala pa khoma la chipinda cha zamasewero kolemba -ski bambo, -ska mayi, w ndi v, ł ndi w. Pa foni zambiri mukadina l n'kugwiritsa kanthawi, ł amatulukira yekha, pa kompyuta mutha kungomukopera. Ndipo mlembi wa mkango uja mum'gulire sopo wa lavenda, azinunkhiza asanalembe kabokosi kena.

Wowerenga wanu,
Zomba