Gulugufe wa matondo ndi njuchi ya ku Scotland

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, chimanga chayamba kukhwima. Koma mlongo wako wandiululira kuti hita yotenthetsera m'nyumba suyatsa ndipo ukudya kamodzi patsiku, ati ndalama za malata zikwane msanga. Usamukalipire, ndachita kumuumiriza ndine.

Njuchi yonenepa yaubweya ija unandijambulira pa WhatsApp, kuno kulibe. Imaoneka ngati bemberezi, koma ndi mtundu wina, wa kumaiko ozizira. Imene waiona mwezi uno wa Malichi ndi manthu wake. Anzake onse anafa chisanu chisanafike, iyo inagona m'dothi yokhayokha. Ikadzuka siingolumpha n'kuuluka ayi. Imayamba yanjenjemeretsa minofu ya pachifuwa, mapiko ali duu, mpaka chifuwacho chitenthe kufika madigiri pafupifupi 30. Moto umenewo nkhuni zake ndi timadzi ta m'maluwa, n'chifukwa chake imangokhalira kudya. Ikaikira mazira imawafungatira, ndipo pambali pake imaumba kamphika kaphula kodzaza timadzi, kuti izimwa osachoka pamazirapo.

Tsono kumbukira matondo amene agogo ako ankatola m'nkhalango za ku Kasungu mvula ikamayamba. Mbozi imene yapulumuka m'manja mwa otola imatsika mumtengo, kulowa m'nthaka, n'kudzatuluka ili gulugufe wamkulu wa usiku, wa mawanga onga maso pamapiko. Kukongola kwake ndiye kosaneneka. Koma gulugufe ameneyu sadya, pakamwa pake sipagwira ntchito. Amayendera mafuta amene anasunga ali mbozi, ndipo pakangotha masiku ochepa, akakwerana n'kuikira mazira, basi kwake kwatha.

Iwe ukuyendera mafuta a nsima ya mayi ako, mwana wanga, pamene ukukhala kwa njuchi ija. Ntchito yosamalira okalamba, kuwanyamula usiku wonse, siigwirika ndi tiyi yekha. Ukagwa kumeneko adzakudzutsa ndani? Ife tikiti ya ndege tilibe.

Ndiye ndamanga mfundo, ndipo mayi ako avomera. Kuyambira mwezi wamawa uzitumiza theka la zimene umatumiza. Zotsalazo ugulire magetsi, jekete lochindikala ndi ndiwo zenizeni, osati buledi. Nyumbayi makoma ake ndi a njerwa zootcha, tifolera kaye ndi udzu ndi pulasitiki, malata adzabwera chaka chamawa. Amalume ako akakuimbira za feteleza, uwauze alankhule ndi ine.

Lamulungu likudzali undiimbire pavidiyo uli pambale, ndione chimene ukudya.

Ndine,
Bambo ako