Tinkathawa katemera, titamufuna n'kupeza watha

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndiyankhulepo, poti ndatopa kumva anthu ena pa wailesi akunena kuti Amalawi akuluakulu tinakana katemera wa Covid chifukwa cha umbuli basi. Ine ndi telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Balaka pano, ndipo ndine mmodzi wa anthu amene tinakana aja, ndiye ndikuona ngati ndili ndi pakamwa poyankhira.

Katemera uja asanatere nkomwe pa 5 Marichi 2021, madozi 360,000 a AstraZeneca ochokera ku COVAX aja, ndondomeko yothandiza maiko kupeza katemera, ife tinali titamva kale zonse pa WhatsApp. Pa gulupu ya kumpingo ankati ndi 666, pa gulupu ya anyamata a mpira ankati ukabayitsa mphamvu za kuchipinda zimatha, azimayi ankauzana kuti sudzaberekanso, ena ankati pakatha zaka ziwiri wapita, mpaka panali kavidiyo ka munthu akumata ndalama yachitsulo pamkono eti yakakamira ngati pa maginito. Lero tikuseka koma nthawi ija sitinkaseka ayi. Komanso musaiwale kuti ndi nthawi yomweyo tinkamva za K6.2 biliyoni ya Covid, kuti ndalama zina zinangothera ma alawansi mpaka nduna ina kuchotsedwa ntchito mu Epulo, ndiye munthu wangomva kuti akuluakulu akudyerapo pa matenda, mawa lake akuluakulu omwewo akumuuza kuti bwera tikubaye ndi zaulere, mukuganiza kuti mumtima mwake anena chani? A Chakwera anabayitsa pagulu ku Zomba pa 11 Marichi, a Chilima ku Mzuzu, koma pakhonde pathu anthu anangoti aaa amenewo awabaya madzi.

Maliro tinkawamva ndithu. Januwale wa chaka chomwecho nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ife n'kumati ndi matenda a mabwana okwera ndege.

Amene ananditembenuza si wailesi, si chikwangwani. Ndi mlangizi wa zaumoyo amene amakweza ana athu sikelo, anabwera kudzakonzetsa zipi ya yunifolomu yake, ndiye podikira paja ndinayamba kumunyogodola kuti inu akupatsani zingati kuti mutimalize. Mayi uja sanakwiye, anangondifunsa kuti bambo, kodi chipsera chili pamkono panucho munachipeza kuti? Ndinasowa chonena, poti ndi cha BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, amayi anga anandibayitsa ndili khanda osandifunsa, ndipo ana anga onse mayi awo amapita nawo kusikelo, wa chikuku wa poliyo zonse zili m'buku, ine sindinafunsepo kuti muli chani m'botolomo. Anandiuza chilungamo, kuti mkono uwawa, mwina thupi litentha mutu uwawa tsiku limodzi kapena awiri, kuti katemerayu sakutseka chitseko kuti matenda asalowe ayi, amangophunzitsa thupi kumudziwa mdaniyo kuti akabwera usafike pogonekedwa pa okosijeni. Mawu amenewo a "mkono uwawa" ndi amene anandigwira mtima, chifukwa ena onse ankangoti ndi wabwino ndi wabwino, ndipo ife anthu a malonda timadziwa kuti wogulitsa amene sakutchula chilema cha katundu wake pali chimene akubisa.

Ndiye ndinalimba mtima kumapeto kwa Juni, ndinatseka makina, kulipira kabaza, kufika pa chipatala china n'kuuzidwa kuti katemera watha mubwerenso. Dziko lonse anali atatha, India inali itaimitsa kutumiza kunja chifukwa kwawonso anthu ankafa kwambiri, ndipo amene anabayitsa koyamba anali kudikira wachiwiri osadziwa kuti afika liti. Chowawa nchakuti mwezi wa Meyi chaka chomwecho boma linali litawotcha madozi 19,610 ku Kamuzu Central chifukwa anapitirira masiku ake. Ambiri amati umenewo ndi umboni woti tinakana, koma katemera ameneyo anali wa gulu la 102,000 lochokera ku African Union limene linafika kumapeto kwa Marichi pomwe tsiku lake lothera linali 13 Epulo, masabata atatu osakwana, ndiye akanafika bwanji kumidzi konse. Unduna wa zaumoyo unati ukuwotcha poyera kuti anthu akhulupirire kuti sakubayidwa zotha ntchito, cholinga chinali chabwino koma kuno anthu anamva zina, anati mwaona akuwotcha okha poizoni wawo.

Ine ndinadzabayitsa wa Johnson & Johnson atabwera, wobaya kamodzi uja, ndipo sindinapitenso kuchipatala, anabwera okha ndi galimoto ya zimkuzamawu tsiku la msika. Ndinaona ndi maso anga azibambo omwe aja a 666 ali pamzere, wina atanyamula nkhuku kukhwapa. Sikuti onse anali atasintha maganizo, koma jakisoni anali pompo, osalipira thiransipoti, osataya tsiku la geni, ndipo wobaya ndi munthu amene timakumana naye kumaliro ndi kuchigayo. Kwa munthu wodya zimene wapeza tsiku lomwelo, kukhala pabenchi ya chipatala m'mawa onse usakudwala ndi chinthu chachikulu, izi a m'maofesi samaziwerengera.

Pempho langa kwa a unduna wa zaumoyo ndi loti mliri wina ukadzabwera, poti kolera wa 2022 uja watisonyeza kuti sizinathe, ndalama zoyamba zipite kwa alangizi akumudzi, njinga zawo, mabokosi ozizira osungira katemera, osati mawekishopu akunyanja. Ndipo muziwalola anene zonse ndi zowawa zomwe.

Mnzanga wina wa kabaza anakana mpaka 2022, ankatiseka kuti tikuwerenga masiku. Atapeza mwayi wopita ku Joni n'kumva kuti paboda akufuna khadi ya katemera kapena ayezetse molipira, anabayitsa m'mawa mwake, madzulo n'kubwera pakhonde panga kudzafunsa ngati ndili ndi Panado.

Telala wodandaula,
Balaka